Chikopa Chotsiriza cha Casilda Barajas

Pa tebulo lachitatu kuchokera pakhomo, m'kafakitale ka nsapato ka ku Coecillo, dera la mumzinda wa León, pankaima munthu wamfupi dzina lake Fidencio Arredondo. Ntchito yake inali yodula zikopa. Ankayala chikopa cha ng'ombe patebulo, n'kuchisisita ndi chikhato ngati akutonthoza mwana wodwala, kenako kampeni kake kokhota kankayenda mosaphonya, kuzemba zipsera za nkhupakupa ndi mikwingwirima ya waya waminga. Anzake ankamutcha Kafupi, poti tebulo linkamulekeza pachifuwa ndipo ankaimirira pathabwa kuti aone bwino. Iye sankakwiya nazo. Munthu amene mutu wake uli m'mitambo samva zonenedwa pansi.

Ndipo mutu wa Fidencio unalidi m'mitambo. Kunyumba kwa mayi ake, Doña Herlinda, m'kabati yomwe ikanayenera kusunga masuti a mwamuna wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, munali majekete asanu ndi awiri achikopa, a mtundu uja ankavala oyendetsa ndege pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Panalibe ngakhale imodzi yomwe inakwerapo ndege. Onse anali otengera, osokedwa masiku ano motsanzira akale aja, kuyambira kolala mpaka zipi. Iliyonse inkagona m'thumba lake lansalu, ndipo inkatuluka kamodzi pamwezi, Lamlungu loyamba, pamene okonda majekete a mumzinda wa León ankakumana m'nyumba ina yomweramo khofi.

Kumeneko amuna aakuluakulu ankayala majekete pamatebulo, n'kumawerenga misoko ndi galasi lokulitsira zinthu, n'kumakangana za kapindidwe ka kolala mpaka khofi kuzizira. Mfumu ya gululo anali Don Anselmo Urquiza, mwini fakitale yaikulu ya majombo. Iyeyu anali ndi majekete opitirira makumi anayi, ochokera ku Japan, ku England ndi ku America, ndipo ankawasunga m'chipinda chozizira chomwe ngakhale mkazi wake sankalowamo. Mkangano ukatopetsa, ankatembenukira ku nkhani yokoma kwa onse, ya jekete yoyamba imene aliyense anagula asanadziwe kanthu. Ya Fidencio ndiyo inkaseketsa kwambiri. Anaigula ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, pamsika wa Lamlungu, kwa munthu yemwe analumbira pa manda a agogo ake kuti kabowo kamene kanali pamsana kanali ka chipolopolo cha ku Philippines. Kanali ka ndudu. Mvula yoyamba itagwa, utoto unasungunuka n'kumupaka khosi lonse, moti anayenda masiku atatu ali bii ngati mphika. Komabe anaivala zaka zisanu ndi chimodzi, kuntchito, kumaliro, kudansi, mpaka inatha yokha, ndipo chidutswa chomaliza mayi ake anamangira chitseko cha khola la nkhuku.

Koma nkhani zonse za pamatebulo amenewo zinkathera pa dzina limodzi: Casilda Barajas wa ku Barrio Arriba, dera lina la mumzinda momwemo. Bambo ake, malemu Don Leocadio, anali wofufuta zikopa komanso telala. Ali mnyamata anasosola jekete yeniyeni imene mnansi wawo, wokonza ndege, anabwera nayo kuchokera kunkhondo, n'kujambula chidutswa chilichonse pamapepala olimba. Zikopa za hatchi ankafufuta yekha m'maenje a kuseri kwa nyumba, ndipo kafufutidwe kake anapita nako kumanda. Mwana wake wamkazi anapitiriza kusoka ndi zikopa zomwe zinatsala, mpaka panatsala chimodzi chokha. Ndiye analengeza kuti adzachidula pa Tsiku la Akufa, lokumbukira malemu kumayambiriro kwa Novembala, chaka chotsatira, pokwanitsa zaka zisanu bambo ake atamwalira. Munthu woyenera kuchivala akapanda kupezeka, adzasoka jekete ya msinkhu wa malemuyo n'kuikoloweka pakhoma.

Chovuta chinali kasankhidwe kake. Aliyense wofuna jekete ankamuuza kuti abwere ndi ina ya kunyumba kwake. Casilda ankaitenga, n'kulowa nayo kuseri kwa katani yobiriwira, n'kukhalako kanthawi, kenako n'kutuluka kudzaibweza. Chimene ankakayang'ana kuseriko palibe ankachidziwa. Ena ankati amanunkhiza, ena ankati amawerenga misoko, ena ankanong'ona kuti amafunsa mzimu wa bambo ake. Don Anselmo anapitako katatu ndi majekete atatu odula kwambiri, katatu konseko anabwerako nkhope ili gwa.

Fidencio anapitako m'mwezi wa Disembala, Loweruka masana, atanyamula jekete yake yabwino koposa ngati wanyamula khanda. Chikopa chija anachiona chokulungidwa pashelefu yapamwamba, chofiirira ngati khofi wothira mkaka pang'ono, ndipo manja ake a munthu wodula zikopa anayamba kuyabwa. Kenako anaona mwini shopu, mkazi wamtali wa nsidze zokumana, singano italumidwa pamlomo, ndipo anaiwala moni womwe anakonzekera njira yonse. Casilda analowa kuseri kwa katani. Sanachedweko n'komwe.

"Ndi yabwino," anatero poibweza. "Koma mulibe munthu m'jekete muno."

"Maestra, munthu wake ndine," anayankha Fidencio, pomutchula ndi dzina laulemu la amisiri.

"Mwina," anatero Casilda, n'kubwerera pamakina ake.

Mawu omwewo ndi amene anauzidwa Don Anselmo, ndipo gulu lonse linali litagwirizana kale kuti anali matukwana chabe a mkazi wonyada. Fidencio anafika kunyumba mtima uli pansi, n'kuyamba kubwezera jekete m'thumba lake. Mayi ake, omwe ankasenda mapeyala pakhomo la khitchini, anamuyang'ana n'kuyamba kudandaula monga mwa masiku onse kuti kabati yadzaza alendo osalipira lendi. Anati bola jekete yakale yonunkha ija, poti iyo inali ya pakhomo. Ikakolowekedwa pamsomali inkakhala phewa limodzi lotsika, mikono yopindika, moti kangapo anailankhula kuti, iwe Fidencio, chakudya chazizira, asanazindikire kuti mwana wawo sali m'nyumba.

Thumba lili m'manja, Fidencio anamvetsa tsopano mawu aja a Casilda. Sananene kanthu kwa mayi ake, sananene kanthu kwa gulu. Chinsinsi anachimeza ngati mbewu.

Lolemba m'mawa anatsegula kabati n'kusankha jekete youma kuposa onse, ya chikopa cha hatchi, imene ukaiimika pansi inkaima yokha ngati msilikali. Anaivala, nakwera njinga yake, mikono ili tang'atang'a poti zigongono sizinkapindika. Anasintha ndi njira yomwe. M'malo molunjika ku Coecillo, ankazungulira ku Barrio Arriba, n'kudutsa pawindo la shopu ija. Casilda sanadzutsepo mutu ngakhale tsiku limodzi.

M'miyezi yozizira zinali zosavuta, ndipo ena ankamusirira. Koma Malichi atatha, dzuwa la ku León linakhala pansi n'kutambasula miyendo. Denga la fakitale linali lamalata. Anthu ankagwira ntchito atavala mavesiti, koma pa tebulo lachitatu panali munthu wotseka zipi mpaka pakhosi. Nicanor, yemwe ankadula pa tebulo loyandikana ndipo Fidencio anamuimira mwana paubatizo, ndiye ankatsogolera chipongwe.

"Kaputeni Kafupi, ndege mwaiimika kuti lero? Kuseri kwa chimbudzi?"

"Ili pamalo pake, compadre. Inu mungosamala zala."

"Mukapsa mutiuze msanga, tithamangire ndimu ndi tsabola. Mikate ya tortilla yokudyerani ndabweretsa kale."

Fidencio ankangomwetulira thukuta likutsikira m'maso. Msana wake unatuluka timatuza toyabwa, ndipo Doña Herlinda ankamupaka ufa wachimanga uku akufunsa oyera mtima onse chomwe anawalakwira. Pa phwando la mwana wa mlongo wake wokwanitsa zaka khumi ndi zisanu, amuna onse ali m'masuti, iye anavina ali m'jekete, ndipo mlongoyo anakhala milungu itatu osamulankhula. Tsiku lina la Meyi, dzuwa lili paliwombo, tebulo linayamba kuzungulira, ndipo anadzidzimuka ali chagada pansi, Nicanor akumuthira madzi kumaso. Mwini fakitale anamuuza mosapita m'mbali kuti mtembo saufuna pamalo pake: avule chinthucho kapena akagwire kwina. Fidencio anapempha kuti tebulo lake alisunthire pakhomo pomwe pamadutsa mphepo, nalonjeza kumwa madzi botolo limodzi ola lililonse. Mwini fakitale anaganizira za kampeni kaja kosaphonya, n'kulola monyinyirika.

Nicanor, yemwe pansi pa chipongwe chake anali ndi mtima wabwino, anamukokera pambali. Sankadziwa cholinga cha mnzakeyo, koma anaganiza kuti akungofuna jekete yooneka yakale. Anamuuza njira zachidule zomwe aliyense mumzinda wa zikopa amazidziwa: kuiviika m'madzi otentha, kuikhuta ndi sandipepa m'mapewa, kuiponya m'makina oumitsira zovala pamodzi ndi nsapato zakutha. Loweruka limodzi lokha, anatero, jekete ikalamba zaka khumi. Fidencio anafika potenthetsa madzi n'kuwathira m'beseni. Anaima pabwalo jekete ili m'manja, nthunzi ikumufika kumaso. Kenako anaganiza za maso aja a pansi pa nsidze zokumana, n'kudzifunsa ngati madzi otentha amadziwa kuti phewa lake lotsika ndi liti. Madziwo mayi ake anachapira makatani.

Mvula itayamba, chikopa chinayamba kugonja. Makwinya anabadwa m'zigongono, kolala inagona pansi, utoto unayamba kuwala m'malo okhudzakhudza. Koma chinthu chikakoma chimaitana maso. Pamsonkhano wa Juni, Don Anselmo anagwira mkono wa jeketeyo, n'kuyendetsa chala m'makwinya mwake. Munthu sakhala ndi fakitale ya antchito mazana ali wopusa.

Mwezi wotsatira, Fidencio akuimika njinga panja pa nyumba ya khofi, anaona galimoto yaikulu ya Don Anselmo ili pamthunzi. Pachiwongolero, chomwe ku León chimakhala kumanzere, panali dalaivala wake, Maclovio, bambo wofatsa wa ndevu zaimvi, wofanana msinkhu ndi bwana wake. Anali atavala jekete ya ku Japan imene gulu lonse linkaopa ngakhale kuikhudza.

"Musandifunse, achimwene," anatero Maclovio akupukuta pamphumi. "Patrón, abwana angawa, akuti ndiivale tsiku lililonse mpaka Novembala. Iwo akuti thukuta limawadwalitsa. Mkazi wanga akuti ndikununkha ngati chishalo, wandisamutsira pampando."

Fidencio anaseka naye, koma kuseka kwa pakamwa chabe. Chinsinsi chake chinali chitabedwa, ndipo wakubayo anali ndi jekete yabwino kuposa yake. Monga kuti zimenezo sizinakwane, m'mwezi wa Seputembala kampeni kaja kanaphonya koyamba m'zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Kanatsetsereka pachikopa cholimba n'kung'amba mkono wamanzere wa jekete, kuchokera pamwamba pa dzanja mpaka pafupi ndi chigongono. Chikopa cha hatchi chinapulumutsa mnofu wake, koma iye akanakonda kuti ung'ambike mnofuwo. Kwa okonda majekete, yong'ambika ndi yakufa. Anakhala pathabwa lake akuyang'ana mkonowo mpaka Nicanor anasiya nthabwala. Kenako anapempha ulusi wosokera nsapato, n'kusoka yekha bala lija ndi misoko yokhotakhota ya munthu amene moyo wake wonse wadula koma sanasokepo. Mawa lake anaivalanso. Podutsa pawindo lija ankabisa mkonowo kumbali.

Tsiku la Akufa linafika ndi fungo la maluwa achikasu. Anthu atabwerako kumanda cha m'ma khumi koloko m'mawa, okonda majekete anakhamukira ku Barrio Arriba, nadzaza kashopu kaja mpaka ena kumasuzumira pawindo. Pakona panali chithunzi cha Don Leocadio, makandulo, buledi wa akufa ndi kambale ka fodya yemwe ankakonda. Casilda anali atavala zakuda. Ofuna chikopa anatsala awiri okha, poti ena onse anali atagwa ulesi kale.

Don Anselmo anayamba. Anaika jekete yake patebulo mwaulemu, ndipo anthu anang'ung'udza mosirira, poti inali yokongola, yofewa, ya makwinya ngati ya m'zithunzi zakale. Aliyense ankayembekezera kuti Casilda alowa nayo kuseri. Koma iye anagwira katani yobiriwira ija n'kuikokera kumbali. Kuseriko kunalibe mzimu, kunalibe galasi lokulitsira zinthu. Kunali khoma, windo laling'ono ndi msomali umodzi.

Anakoloweka jekete pamsomali, n'kubwerera m'mbuyo masitepe atatu, manja atapinda. Jeketeyo inakhala mmene inazolowerera kukhala. Casilda anafotokozera anthu, mosakweza mawu, kuti chikopa cha hatchi sichikhululuka: bowo la singano silitsekeka, ndipo chodulidwa chadulidwa. Munthu ukamuyeza ndi tepi amaimirira ngati ali pa perete, mimba atabweza, mapewa atakweza, ndipo umasokera munthu amene kulibe. N'chifukwa chake bambo ake ankayeza jekete yovalidwa, poti iyo sidziwa kunama. Sankauza anthu, poti ankadziwa zomwe anthu angachite atauzidwa.

"Lero muli munthu, Don Anselmo," anatero. "Ndi munthu woleza mtima. Amakhala pansi nthawi yaitali, msana utatsamira. Chigongono chamanzere amachiika pawindo la galimoto, onani mmene chawalira. Lamba wa galimoto amamudutsa kuchokera paphewa lamanzere kutsikira kumanja, ndiye kuti amakhala pachiwongolero." Anatembenuka. "Inu ndimakuonani mukudutsa. Mumakhala kumbuyo, mbali yamanja."

Kenako wina pawindo analephera kudzigwira, ndipo kuseka kunafalikira ngati moto wa m'udzu. Don Anselmo anafiira mpaka m'makutu. Anayesa kunena kuti iye ndi dalaivala wake ndi ofanana msinkhu, ndipo Casilda atchule mtengo uliwonse umene akufuna. Casilda anayankha kuti ngati Don Maclovio akufuna jekete, akhoza kulowa akambirane. Bwanayo anayang'ana uku ndi uku, n'kuona kuti nkhani imeneyi idzakambidwa pamatebulo a khofi mpaka iye atalowa m'manda. Pamapeto pake nayenso anaseka, kuseka kowawa, n'kuchotsa jekete pamsomali, n'kuiponyera Maclovio yemwe anaima pakhomo chipewa chili m'manja. Anamuuza kuti aitenge, poti zamveka pagulu kuti ndi yake.

Ndiye maso onse anatembenukira kwa Fidencio. Anatsegula zipi pang'onopang'ono, n'kuvula jekete pamaso pa anthu koyamba m'miyezi khumi ndi umodzi. Anadzimva wamaliseche, wochepa kuposa kale. Casilda anaikoloweka pamsomali, n'kubwerera m'mbuyo.

Phewa lamanja linatsika n'kupendekera kutsogolo. Mikono inapindika ngati ikufuna zogwirira za njinga. Pachifuwa panali mzere wakuda wowala, pomwe mphepete mwa tebulo munkakhuta tsiku ndi tsiku. Nicanor, yemwe anabwera kudzaonerera, anadzilemba chizindikiro cha mtanda n'kunong'ona kuti compadre wake wakolowekedwa pakhoma. Casilda anaitembenuza, naona mizere yoyera ya mchere wa thukuta pansalu ya m'kati. Kenako zala zake zinapeza mkono wamanzere, n'kuima pamenepo.

"Anasoka apa ndani?"

"Ndine, maestra."

"Ndaonapo matumba a makala osokedwa bwino kuposa apa."

Anthu anaseka, koma Fidencio anayang'ana pansi. Anaona miyezi yonse ija ikutsetsereka ngati madzi a m'beseni. Anatambasula dzanja kuti atenge chake azipita.

"Isiyeni pomwepo," anatero Casilda. "Ndipo chokani apo, mukunditchingira kuwala."

Anakwera pampando, n'kutsitsa chikopa chija pashelefu, n'kuchiyala patebulo lalikulu. Fungo la makungwa a mitengo linadzaza shopu, ndipo akuluakulu omwe ankamudziwa Don Leocadio anavula zipewa. Casilda anatulutsa mapepala olimba a bambo ake, natenga choko. Ankayang'ana pamsomali, n'kujambula, kuyang'ananso, n'kusintha: apa kutsitsa phewa, apa kufupikitsa, apa kupereka mpata wa chigongono. Osadzutsa mutu, ananena kuti m'mwezi wa Meyi ankaona munthu wina akudutsa pawindo ali psuu ngati tsabola, ndipo Lolemba lililonse ankadziuza kuti pofika Lachisanu avula. Anati munthu ameneyo anamutayitsa nthawi yambiri.

Atamaliza kujambula anatenga mpeni. Anauimika pamzere woyamba, n'kukhala choncho. Amene anali pafupi anadikira, koma mpeni sunalowe. Ndipo Fidencio, yemwe ankadziwa manja a anthu odula, anazindikira chinsinsi chachiwiri chomwe katani yobiriwira sinkabisa. Zikopa zinazo Casilda ankadula podziwa kuti pashelefu pali china. Ichi chinali chomaliza chomwe manja a bambo ake anakhudza, ndipo chaka chonse chija sankangosankha mwini wake. Ankazengereza.

"Maestra," anatero motsitsa mawu kuti ena asamve, "ine kusoka sinditha, mwaona nokha. Koma kudula ndiye ntchito yanga."

Casilda anatembenuza mpeni n'kumupatsa chakuchigwiriro. Tebulo linali lalitali. Nicanor anathamangira panja n'kubwera ndi kabokosi ka mabotolo, ndipo palibe amene anaseka pamene Fidencio anakwerapo. Anasisita chikopa ndi chikhato kuchokera kukhosi mpaka kumchira, napeza kachipsera kakang'ono komwe choko chinadutsapo, n'kupempha kuti mzere wa chidutswa cha kumsana ausunthe pang'ono. Casilda anagwedeza mutu. Mpeni unalowa. Kwa theka la ola m'shopu munkangomveka kulira kwa chitsulo pachikopa ndi mabelu a tchalitchi chapatali. Chidutswa chomaliza chitagwa patebulo, Don Anselmo, yemwe aliyense ankaganiza kuti wapita, ndiye anayamba kuwomba m'manja kuchokera pakhomo.

Jekete yatsopanoyo inatha kusokedwa patapita milungu itatu. Fidencio anapita yekha kukaitenga, Lamlungu masana. Inali yofiirira, yolemera, youma ngati chitseko, koma itangokhala pamapewa pake inamugwira ngati inkamudziwa kalekale. Anadziyang'ana pagalasi. Casilda anamuzungulira kawiri, akukoka apa, akusalaza apo, nkhope ili yosasangalala monga mwa nthawi zonse. Kenako anamuuza kuti pali lamulo lina: jekete yotereyi iyenera kumaonedwa ndi woisoka, kuti adziwe mmene misoko ikukhalira. Azibwera nayo Lamlungu lililonse, nthawi ya chakudya chamasana.

"Bambo anu ankatero ndi onse ogula?" anafunsa Fidencio.

"Ayi. Lamuloli ndi langa."

"Nanga ndizibwera mpaka liti, maestra?"

Casilda anachotsa pakolala ya jeketeyo kaulusi komwe sikanalipo.

"Chikopa cha hatchi chimachedwa kufewa," anatero. "Ichi chitenga zaka makumi awiri. Mwina kupitirira."

Anakwatirana m'nyengo yamvula ya chaka chachiwiri, ndipo mpaka lero amene amadutsa ku Barrio Arriba amaona anthu awiri pawindo, wamtali pamakina, wamfupi patebulo. Ena amati anali ndi mwayi. Koma mwayi sunakhale pansi pa malata m'mwezi wa Meyi zipi itatsekedwa, ndipo mwayi sunataye madzi otentha aja. Olemera anali ndi zipinda zodzaza, ochenjera anali ndi njira zachidule, iye anali ndi thukuta lake lokha, ndipo linakwana. Akuluakulu sananame pamene anati kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa.